Mwana akalemba "soba" m'malo mwa "nsomba": mungadziwe bwanji ngati kalembedwe kake kali bwino?

Kope la mwana wa Sitandade 1 kapena 2 likafika pakhomo, maso a makolo amathamangira pamene aphunzitsi athetha ndi bolopeni yofiira. Apa walemba "soba" pofuna kunena nsomba, apo 3 watembenuka ngati E, uko mawu onse alumikizana ngati mkufu. Ena amangogamula kuti mwanayu sukulu si mbali yake. Ena amati musiyeni, zidzatha zokha akamakula. Onsewa akhoza kuphonya. Chimene chimasonyeza ngati mwana akukula bwino pa kulemba si kuchuluka kwa zolakwa zake. Muyenera kuona mtundu wa zolakwazo, ndiponso ngati zikusintha pakapita milungu.

Werengani miyezi imene waphunzira, osati zaka zokha

Mwana amayenera kuyamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, koma lowani m'kalasi iliyonse ku Benga, ku Mwansambo kapena ku Dwambazi m'boma lino la Nkhotakota, mupeza wa zaka 5 atakhala pafupi ndi wa zaka 9. Wina anadutsa kusukulu ya mmera mpoyamba, wina pensulo waigwira koyamba tsiku lolembetsa. Nthawi ya dzinja mitsinje ya Bua ndi Kaombe ikadzaza, ana a kutsidya amajomba masiku ambiri, ndipo madzi osefukira a mu 2024 anasokoneza maphunziro m'dera la Dwangwa. Onjezani malungo, komanso makalasi a ana oposa 100 momwe mphunzitsi sangathe kuona dzanja la aliyense. Choncho funso loyamba likhale lakuti, kodi mwanayu waphunzitsidwa malembo kwa miyezi ingati, ndipo pa miyeziyo anapezeka m'kalasi masiku angati? Wa zaka 9 amene waphunzira miyezi 4 muyerekezeni ndi anzake a miyezi 4, osati ndi ana a Sitandade 4.

Dzanja limakhwima pang'onopang'ono

Kulemba kumayamba kale mwana asanadziwe lembo lililonse. Wa chaka ndi theka amangokhwatchakhwatcha ndi khala pakhoma. Pa zaka 2 amatha kutsanzira mzere woimirira, kenako wogona. Pa zaka 3 amakopera chozungulira, pa zaka 4 mtanda, ndipo chithunzi cha ngodya zinayi chimabwera pakati pa zaka 4 ndi 5. Cha ngodya zitatu chimadikira mpaka zaka 5 kapena kupitirira pang'ono, chifukwa mizere yopendekeka ndiyo yovuta kwambiri kwa dzanja la mwana. N'chifukwa chake k, w, y, z ndi A amaoneka opunduka m'makope a ana oyamba kumene, pamene o, l, i ndi t amatuluka bwino. Mitchetche imene aphunzitsi amalembetsa masabata oyamba, komanso kulemba m'malere ndi pamchenga, ntchito yake ndi yomweyi yokonzekeretsa dzanja.

Kagwiridwe ka pensulo nakonso kamasintha. Kamwana kamafumbata ndi chikhatho chonse n'kumayendetsa mkono wonse kuchokera paphewa. Pofika zaka 4 mpaka 6 ambiri amagwira ndi zala zitatu, chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, ndipo zala zokha ndizo zimayenda. Wogwira ndi zala zinayi musalimbane naye ngati malembo akuwerengeka ndipo dzanja silikutopa msanga. Pensulo yodulidwa pakati, imene makolo amachita pofuna kugawira ana awiri, imathandizanso, chifukwa pensulo yaifupi n'kovuta kuifumbata. Musaiwalenso kuti mwana wolembera pabondo atakhala pansi sangalembe mofanana ndi wolembera pa desiki. Musananene kuti zolemba zake n'zonyansa, muyeseni pa tebulo.

Pafupifupi munthu mmodzi pa 10 aliyense ndi wamanzere, ndipo si matenda. Kumukakamiza kulembera kumanja kumangochedwetsa zinthu. Mukhazikeni kumapeto a kumanzere kwa desiki kuti zigongono zisagundane ndi mnzake, ndipo kope lipendekere kumanja pang'ono.

Makwerero amene ana amadutsa

Ofufuza a m'mayiko osiyanasiyana anapeza kuti zolakwa za ana si zachisawawa. Charles Read ku America anaonetsa mu 1971 kuti ana aang'ono olemba mawu mongodzipangira amatsata zimene khutu lawo lamva, ndipo ana osadziwana amalakwitsa mofanana. Emilia Ferreiro ndi Ana Teberosky, amene anafufuza ana olankhula Chisipanishi ku Argentina n'kufalitsa zimene anapeza mu 1979, anaona kuti pali nthawi imene mwana amaganiza kuti phatikizo lililonse limalembedwa ndi lembo limodzi. Zimenezi zimagwirizana kwambiri ndi Chichewa, chifukwa mawu athu amamangidwa ndi maphatikizo omveka bwino othera ndi a, e, i, o kapena u.

Poyamba mwana amalemba malembo amene wawaona, makamaka a m'dzina lake, osakaniza ndi manambala, n'kukuuzani kuti walemba kalata kwa agogo. Palibe kugwirizana pakati pa malembowo ndi mawu. Kwa wa zaka 4 kapena 5, kapenanso wa teremu yoyamba amene sanapite ku mmera mpoyamba, izi n'zoyenera.

Kenako khutu limatseguka. Mukamuuza kuti alembe "galimoto" amalemba "g" yekha, kapena "aioo", kapena "glmt". Ambiri akaona "aioo" amaseka, koma taonani bwino. Ga-li-mo-to ndi maphatikizo anayi, ndipo mwana walemba malembo anayi, lililonse lochokera m'phatikizo lake, motsatana bwino. Ameneyu watulukira chinsinsi chachikulu, choti zolembedwa zimaimira zimene pakamwa pakunena. Ali patsogolo kuposa mnzake amene wakopera "galimoto" mokongola pa bolodi koma sangakuuzeni chimene walemba.

Khwerero lotsatira ndi pamene maphatikizo a malembo awiri amatuluka athunthu: "moto", "gule", "usipa", "galimoto". Mwana wobwera kusukulu mokhulupirika, wophunzitsidwa maliwu a malembo motsatira National Reading Programme, ndondomeko ya boma yophunzitsa ana kuwerenga imene inayamba mu 2016, amayembekezeka kufika apa chaka choyamba chikamatha kapena kumayambiriro kwa chachiwiri. Pa nthawiyi mawu ovuta amakhala odukaduka: "soba", "kuni", "puga". Pomaliza maphatikizo a malembo anayi ndi asanu amakhazikika, monga nkhu, mpha, ntchi ndi nkhwa. Imeneyi ndi ntchito ya Sitandade 2 mpaka 3, ndipo malamulo ena a kalembedwe amapitirira mpaka makalasi akuluakulu.

Zolakwa zimene Chichewa chimabweretsa chokha

Chofala kwambiri ndi kusiya m kapena n pamaso pa lembo lina: "buzi", "dalama", "chabo" m'malo mwa chambo, "kodowole" m'malo mwa kondowole. Liwu la m'mphuno limeneli ndi lalifupi, ndipo milomo kapena lilime zimakhala pamalo amodzimodzi ndi liwu lotsatira, kotero mwana amamva ngati ndi liwu limodzi. Read anapeza zomwezo kwa ana olemba Chingerezi. Njira yomuthandiza ndi yosavuta. Atsine mphuno n'kunena "bala" ndi "mbala", kenako "kuba" ndi "kumba". Adzamva yekha kuti mawu achiwiriwo akutsamwa mphuno ikatsekedwa.

Chachiwiri ndi h wa mpweya: "pala" m'malo mwa phala, "kola" m'malo mwa khola, "kasu" m'malo mwa khasu. Lembo h pano silimveka palokha, ndi kampweya chabe kotsatira p, t kapena k. Ayike chikhatho kapena kapepala pafupi ndi pakamwa, anene "pala" kenako "phala", aone pamene kapepala kakugwedezeka. Mwana akangotulukira h, nthawi zambiri amamuthira paliponse, mpaka kulemba "mothu" kapena "khapu". Musadandaule, chimenecho ndi chizindikiro choti lamulo latsopano likulowa m'mutu.

Kasiyanitsidwe ka ng ndi ng' kamatenga nthawi, ndipo "ngombe" kapena "ngona" m'kope la Sitandade 2 si nkhani. "Siku" m'malo mwa tsiku ndi "zina" m'malo mwa dzina kawirikawiri zimachokera m'kalankhulidwe ka pakhomo. Mvetserani mmene mwanayo amatchulira mawuwo. Ngati walemba ndendende zimene amanena, khutu lake likugwira ntchito, chatsala ndi kuphunzira kalembedwe ka m'buku. Ana ochokera m'mabanja olankhula Chitonga kumpoto kwa boma lino, kapena Chiyawo m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja, nawonso amabweretsa katchulidwe ka kwawo m'zolemba zawo.

Za l ndi r musavutitse nazo mwana wamng'ono. M'Chichewa maliwu awiriwa sasintha tanthauzo la mawu, ndipo lamulo loti r amabwera pambuyo pa e kapena i, monga mu "lero", "njira" ndi "bwera", ndi la m'kalembedwe chabe. Akuluakulu ambiri olemba pa WhatsApp salitsata. Chimodzimodzi kudula mawu: "ndikupitakusukulu" kapena "ndi kupita ku sukulu". Polankhula sitipuma pakati pa mawu, ndiye mwana ayenera kuphunzira pamene mipata imakhala, ndipo ngakhale manyuzipepala sagwirizana pa nkhaniyi. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa anatuluka mu 1973 n'kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Baibulo lakale limene lili m'nyumba zambiri limalemba "cifukwa", "nchito" ndi "bvuto". Mwana amene walemba "nchito" mwina wangoona m'buku la agogo ake.

Malembo otembenuka

Kapu ndi kapu basi, kaya chogwirira chaloza kumanja kapena kumanzere. Ubongo wa mwana unazolowera choncho kuyambira ali khanda, ndiye kusukulu akumuuza koyamba kuti chinthu chikatembenuka chimasanduka china, b kukhala d, n kukhala u. Kusokoneza b ndi d, kutembenuza s, z, j, 2, 3, 5 ndi 7, ngakhalenso kulemba dzina lonse chobwerera m'mbuyo, n'zofala kwa ana a zaka 5 ndi 6, ndipo zimachepa pofika zaka 7 kapena pakatha zaka ziwiri akuphunzira kulemba. Kutembenuza malembo pakokha si umboni wa dyslexia, vuto lochititsa mwana kuvutika kuphunzira kuwerenga ndi kulemba, ngakhale anthu ambiri amaganiza choncho.

Kuno ku Nkhotakota kuli chifukwa china. Ana ambiri amapita kusukulu m'mawa, masana n'kupita ku madrasa kumene amaphunzira malembo a Chiarabu oyambira kumanja kupita kumanzere. Mwana wotere akayamba mzere kumanja m'miyezi yoyamba, sakudwala. Ikani kadontho kumanzere kwa mzere uliwonse kosonyeza poyambira, ndipo posakhalitsa adzasiyanitsa njira ziwirizo. Za b ndi d, mankhwala ake ndi kayendedwe ka dzanja: b ayambe ndi ndodo kuchokera pamwamba kenako mimba, d ayambe ndi mimba ngati akulemba a kenako ndodo. Aphunzire limodzi mpaka lizolowereke, lachiwiri libwere pambuyo.

Chingerezi chiyesedwe pachokha

Kafukufuku wa Philip Seymour ndi anzake wa mu 2003 anayerekeza ana a m'mayiko a ku Ulaya, ndipo anapeza kuti ophunzira zilankhulo zolembedwa monga zimamvekera amawerenga bwino chaka choyamba chikamatha, pamene ophunzira Chingerezi amatenga nthawi yoposa kawiri. Amenewo anali ana oyamwira Chingerezicho. Nanga wa ku Linga amene amachimva m'kalasi mokha? Akalemba "sukulu" pofuna school, "wani" pofuna one, kapena "bedi" pofuna bed, akugwiritsa ntchito malamulo a Chichewa molondola pa chilankhulo chimene sichiwatsata. Mukafuna kudziwa ngati mwana ali ndi vuto lenileni, muyeseni m'chilankhulo chimene amalankhula.

Mmene mungamuyesere kunyumba

Kope la kusukulu limanama nthawi zina, chifukwa zambiri zimene zili mmenemo n'zokopera pa bolodi. Mwana wa maso akuthwa akhoza kukopera tsamba lonse osadziwa liwu la lembo ngakhale limodzi. Chofunika ndi lembetso, lochitika pamalo abata, mwana atadya, kwa mphindi zosaposa 15.

Tengani pepala losalembedwa ndipo pamwamba lembani tsiku. Ayambe walemba dzina lake. Kenako mumutchulire mawu 10, kuyambira osavuta: ana, moto, usipa, nyama, phala, bwato, chambo, mpunga, nkhuni, chinangwa. Tchulani mawu aliwonse kawiri monga mumalankhulira, osawakoka. Musamuthandize, musamukonze, ndipo zofufutira zibiseni kuti muone zimene anayamba kulemba. Onjezani mawu awiri opeka, monga "fipo" ndi "zuke", amene sangakhale atawaloweza. Pomaliza ajambule chilichonse chimene wakonda n'kulemba chiganizo chimodzi chofotokoza chithunzicho, kenako akuwerengereni akuloza ndi chala.

Pochonga musawerenge mawu okhoza okha. Werengani maphatikizo ndi maliwu amene wawagwira. Yerekezani ana atatu amene onse alephera "nkhuni". Woyamba walemba "kuni", ndiye kuti maphatikizo onse awiri alipo ndipo akutsatana bwino, wangosiya n ndi h. Wachiwiri walemba "ui", ali pa khwerero la lembo limodzi pa phatikizo. Wachitatu walemba "tamo", malembo okongola koma osakhudzana ndi mawu amene wamva. Pa lipoti la sukulu onse apeza 0, koma woyamba ali bwino, wachiwiri ali m'njira, ndipo wachitatu, ngati waphunzira chaka chathunthu, ndiye woyenera kumuyang'anitsitsa. Onaninso mmene akulembera. Mwana amene milomo yake ikunong'ona mawu pamene dzanja likuyenda akuchita zoyenera.

Sungani pepalalo. Kwa milungu 8 muzichita naye masewera a mphindi 10 patsiku: kuomba m'manja pa phatikizo lililonse, kuika chitsekerero cha botolo chimodzi pa liwu lililonse, kulumikiza maphatikizo olembedwa pa tizidutswa ta katoni, kulemba pamchenga akutchula liwu. Kenako bwerezani mawu 10 omwe aja n'kuyika mapepala awiriwo pamodzi. Ngati "ui" wasanduka "kuni", kapena "kuni" wasanduka "nkuni", mwana akuyenda, ngakhale akuyenda pang'onopang'ono. Amene amangosowa mpata wophunzira amasintha msanga akapeza womuthandiza payekha, ndipo apa ndi pamene mumasiyanitsa kuchedwa wamba ndi vuto lofuna akatswiri.

Pamene muyenera kuchitapo kanthu

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira milungu 8. Mwana amene ankatha kulemba kenako luso lija latayika, makamaka atadwala malungo aakulu okomoka nawo kapena atavulala m'mutu, apite kuchipatala. Chimodzimodzi amene amangoti duu kwa masekondi angapo pakati pa ntchito, osayankha mukamuitana, kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika, chifukwa mtundu wina wa khunyu umaoneka choncho. Wofinya maso, woyandikizitsa kope kumaso, kapena wolephera kukopera pa bolodi pamene za m'buku akukopera bwino, ayezedwe maso. Ana achialubino ambiri saona bwino patali, choncho akhale kutsogolo ndipo alembedwere malembo akuluakulu.

Makutu ndi amene amaiwalika kwambiri. Mwana amene wakhala akutuluka mafinya m'khutu akhoza kumamva a, e, i, o, u bwinobwino koma osamva maliwu ofooka monga s, f, ts ndi th, ndipo zolemba zake zimasowa maliwu omwewo. Imani kumbuyo kwake pa mtunda wa mkono umodzi, mutseke khutu limodzi, munong'one mawu 6 kuti abwereze, kenako khutu linalo. Akalephera oposa theka, tengani buku lake la kuchipatala mupite naye kuchipatala chaching'ono cha kwanuko, kapena cha boma ku Nkhotakota, kapena ku St Anne's. Kukafunika kuyeza ndi makina, amatumiza ku Lilongwe. Kuchepa kwa magazi kobwera ndi malungo, njoka za m'mimba kapena likodzo, limene ndi lofala m'mbali mwa nyanja, kumafooketsanso mwana mpaka kulephera kutsatira phunziro.

Maso ndi makutu zikakhala bwino, ganizirani za vuto la kuphunzira ngati mwana wapita kusukulu mokwanira kwa chaka chathunthu koma sakudziwa maliwu a a, e, i, o, u, sangathe kuomba m'manja maphatikizo a dzina lake, kapena sangakuuzeni ngati "moto" ndi "mutu" akuyamba mofanana. Pakatha zaka ziwiri, chodetsa nkhawa ndi kulemba mawu amodzi m'njira zitatu zosiyana pa tsamba limodzi, kusinthanitsa maphatikizo ngati "gamolito", kuiwala lero zimene anadziwa dzulo ngakhale mwabwereza kambirimbiri, ndi kulephera kuwerenga zimene walemba yekha. Kukhala ndi mbiri yochedwa kulankhula, kapena kholo kapena m'bale amene anavutika chimodzimodzi, kumawonjezera mwayi woti ndi dyslexia, chifukwa vutoli limayenda m'magazi. Silikhudzana ndi nzeru, ndipo ana otere nthawi zambiri amafotokoza nkhani pakamwa mochititsa kaso. Pali enanso amene amatchula bwino malembo a mawu pakamwa koma dzanja limakana: amakanikiza mpaka kuboola pepala, amadandaula kuwawa atalemba mizere iwiri, ndipo amavutikanso kumanga mabatani ndi kugwira mpira. Vuto lawo ndi la kayendedwe ka dzanja, ndipo thandizo lake ndi losiyana. Akatswiri satchula dzina la vuto la kuphunzira mpaka litapitirira miyezi 6 mwana akuthandizidwa mwapadera.

Poyambira ndi kwa mphunzitsi wa kalasi. Pitani ndi mapepala awiri aja, okhala ndi masiku ake, m'malo mongonena kuti mwana sakukhoza. Funsani kuti amakhala pati m'kalasi, wajomba masiku angati, ndi maliwu ati amene aphunzitsidwa kale, chifukwa simungamuimbe mlandu wa "nkhw" amene sanafikepo. Zikapanda kusintha, aphunzitsi aakulu angathe kukulumikizani ndi PEA, mlangizi wa maphunziro a pulayimale wa zoni yanu, ku TDC (malo osulira aphunzitsi a m'zoniyo), amene amadziwa kumene kuli aphunzitsi a maphunziro apadera, ambiri mwa iwo ophunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Ngati sukulu yanena zoti mwana abwereze kalasi, funsani chimene chichitike mosiyana chaka chimenecho. Kumubwezera pakona yomweyo ya kumbuyo, pakati pa ana 100, kuti akakoperenso za pa bolodi, sikudzamuphunzitsa kumva n wa mu "nsomba".